Tsamba, Kope ndi Kusindikiza: Ndemanga pa Mawu a Ntchito Yodinda Mabuku m'Chichewa

Pa ntchito zonse zamanja zimene zinabwera m'dziko muno pamodzi ndi mamishoni, palibe ina imene yakhala pafupi ndi chiyankhulo chathu kuposa yodinda mabuku. Mmisiri wa matabwa angathe kupala thabwa tsiku lonse osatchula liwu la Chichewa, koma wodinda mabuku amachigwira Chichewacho ndi zala zake, chilembo ndi chilembo. Mishoni ya Blantyre inayamba kutulutsa nyuzi yake ya Life and Work mu 1888. Boma la atsamunda linayamba kudinda British Central Africa Gazette ku Zomba mu 1894, ndipo sukulu ya Overtoun ku Livingstonia, imene inatsegulidwa chaka chomwecho, inkaphunzitsa anyamata kudinda ndi kusoka mabuku. Pambuyo pake kunabwera makina a ku Nkhoma, a ku Malamulo, a ku Likuni ndi a Montfort ku Limbe. Kuwerenga kuchokera mu 1888, zaka zapitirira 130. Komabe mpaka lero munthu wofuna kudinditsa kabuku ka Chichewa amavutika kupangana ndi mmisiri m'Chichewa popanda wina kumva zina pamene mnzake akunena zina.

Pepala lino ndi ndemanga pa momwe ife akatswiri a ziyankhulo ndi anzathu okonza ndondomeko za chiyankhulo timaganizira za mawu a ntchito zaluso, ndipo tatenga ntchito yodinda mabuku ngati poonera. Maganizo amene timawamva kawirikawiri ali pawiri. Ena amafuna kuti liwu lililonse la Chingerezi lipezeredwe lake la Chichewa chenicheni, kuyambira dzina la makina mpaka kachitsulo kakang'ono ka m'kati mwake. Ena amati tisavutike, chiyankhulo chimadzikonza chokha, amisiri abwereke zimene akufuna. Ife tikuti magulu onse awiri aphonya pamene pali vuto. Mawu amene amisiri amayankhulana okhaokha pambali pa makina sasowa chithandizo chathu. Ofunika kuwakonza ndi ochepa chabe, ndipo ambiri mwa iwo ndi Chichewa kale: ndi mawu amene amatchulidwa pamene ndalama kapena udindo ukuchoka m'manja mwa munthu wina kupita kwa mnzake. Mawu amenewa tinawasenzetsa matanthauzo awiri kapena atatu, ndipo palibe amene anabwerera kudzawapepuza.

Poyesa mawu otere sitiyenera kuima m'fakitale ya ku Blantyre, momwe aliyense amadziwa Chingerezi cha ntchito yake. Tiime kutali, kumene zodindidwa zimangofika. Tasankha Thambani, dera la kumapiri m'boma la Mwanza, kufupi ndi malire a dziko la Mozambique. Ambiri amalidziwa dzinali chifukwa cha imfa ya nduna zitatu ndi phungu mmodzi mu May 1983, koma ife tikulitchula pa chifukwa china. Kudera ngati limeneli kumafika mabuku a sukulu, mabuku a nyimbo, makalendala, timabuku ta kuchipatala, mabuku a malisiti ndi mapepala ovotera. Anthu akenso amadinditsa zawo: makadi a ukwati, ndondomeko za maliro, malamulo a gulu la alimi, nyimbo za kwaya. Ntchito yaing'ono amakagwiritsa pa boma pa Mwanza. Yaikulu imapita ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa bomapo. Munthu wotere sangabwerere kawiri katatu kukakonza zimene sanamvane ndi mmisiri. Liwu limene lamusocheretsa limamudyera ndalama za ulendo, ndipo nthawi zambiri ndalamazo si zake, n'zosonkha.

Tiyambe ndi liwu loti tsamba. Amene anayamba kulilowetsa m'mabuku anasankha mwanzeru, pakuti pepala la m'buku ndi lopyapyala ndipo lili ndi kumaso ndi kuseri monga tsamba la mtengo. Koma tsamba la mtengo ndi limodzi ngakhale lili ndi mbali ziwiri, pamene tsamba limene mphunzitsi amanena pouza ana kuti atsekule tsamba 12 ndi mbali imodzi yokha, yokhala ndi nambala yakeyake. Choncho liwu limodzi likutchula chinthu chimene chala chimatembenuza ndiponso theka la chinthu chomwecho. M'kalasi zimenezi sizivuta, chifukwa nambala imaoneka. Zimavuta pa mtengo.

Tiyerekeze kuti mlembi wa mpingo wina ku Thambani watumidwa kuti adinditsenso kabuku kakale ka nyimbo kamene kang'ambika, timabuku 200. Iye awerenga potembenuza ndi chala, apeza 20, ndipo aimbira lamya mmisiri kuti kabukuko kali ndi masamba 20. Mmisiri amva masamba a nambala. Iye adziwa kuti pepala limodzi la A4, la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, akalipinda pakati limapereka masamba anayi a A5. Masamba 20 ndiye kuti mapepala asanu pa kabuku kamodzi, mapepala 1,000 pa timabuku 200, amene ndi marimu awiri, popeza rimu imodzi imakhala ndi mapepala 500. Atchula mtengo wa marimu awiriwo, ndipo mpingo usonkha. Tsiku lofika mlembi ndi kabuku kake, zipezeka kuti masamba a nambala ndi 40, mapepala ndi 2,000, marimu ndi anayi, ndipo inki ndi nthawi ya makina nazonso zawirikiza. Palibe amene wanama. Onse awiri ayankhula Chichewa cholondola.

Palinso china chobisika m'masamu omwewa. Kabuku kopinda pakati ndi kubaya mawaya pamsana kamayenda ndi masamba anayianayi: 8, 12, 16, 20. Munthu akabweretsa nkhani yodzaza masamba 18 amalipira 20, ndipo akaona awiri osalembedwa kumapeto amaganiza kuti amuchenjerera. Kuti mmisiri amufotokozere bwino asowa mawu atatu osiyana: la pepala lathunthu lolowa m'makina, la chimene chala chimatembenuza, ndi la mbali ya nambala. Chichewa cha m'mabuku chili ndi awiri okha, pepala ndi tsamba, ndipo onse awiri amaterereka. M'mashopu amisiri anadzithandiza okha pobwereka liwu loti peji. Anzathu okonda Chichewa chosasakaniza amalinyoza liwuli, koma tiyenera kuvomereza kuti linalowa chifukwa linapeza malo opanda mwini. Maganizo athu ndi akuti tsamba likhale mbali ya nambala basi, popeza sukulu inalikhazikitsa kale motero ndipo sitingalimbane ndi mibadwo ya ana amene anatsekula tsamba 12. Pepala likhale lathunthu lolowa m'makina. Chotembenuza ndi chala chisawerengedwe konse popangana mtengo, ndipo funso la mmisiri lizikhala lakuti, “Nambala yomaliza m'kabukumo ndi chiyani?”

Liwu loti kope lili ndi katundu woposa pamenepa. Kwa mwana wa sukulu kope ndi buku lolembamo. Kwa wogulitsa mabuku, makope 500 ndi chiwerengero cha mabuku ofanana. Kwa mkonzi wa magazini, kope la mwezi uno ndi magazini ya mwezi umenewo. Ena akafuna kunena kuti buku latulukanso atalisintha amati ndi kope lachiwiri, ndipo apa ndi pamene pamagona ngozi. Buku lingathe kutulukanso m'njira ziwiri. Njira yoyamba, makina amangobwereza zomwe zija, osasintha ngakhale mpumiro umodzi, chifukwa mabuku oyamba atha. Njira yachiwiri, mlembi amakonza, kuwonjezera kapena kuchotsa, ndipo nambala za masamba zimasuntha. Kwa mphunzitsi wa ku Thambani amene ali ndi mabuku ochepa a zaka zosiyana m'kalasi imodzi, kusiyana kumeneku ndi kwa tsiku ndi tsiku: kodi tsamba 12 la mwana uyu ndi lomwe lija la mnzake? Mawu oti “kusindikiza kwachiwiri”, amene timawaona kuseri kwa chikuto, samuuza kanthu. Chodabwitsa n'chakuti chiyankhulo chili nazo kale zida zake. Taonani:

(1) Lodindidwanso mu 1985.
(2) Lokonzedwanso mu 1985.

Palibe Mmalawi wodziwa kuwerenga amene angasokoneze ziganizo ziwirizi, ndipo palibe liwu latsopano limene tapeka. Changosowa ndi munthu waudindo woti anene kuti zizilembedwa chonchi nthawi zonse.

Tsopano tifike pa liwu lalikulu la ntchito yonseyi, kusindikiza. Likuoneka kuti ndi lapachibale ndi kutsindika, ndipo chithunzi chake ndi cha chinthu chokanikizidwa mwamphamvu pa chinzake. Linali loyenera makina akale, amene ankakanikizadi zilembo za mtovu pa pepala mpaka kusiya timaenje tomveka ndi chala. Pa nthawi ya mamishoni panalibenso chifukwa chosiyanitsira, pakuti mishoni yomweyo inkasankha buku, kulikonza, kulidinda ndi kuligulitsa. Wosindikiza anali mmodzi. Koma ntchitozi zinapatukana. Magazini ya Moni, imene inayamba mu 1964, ndi mabuku a alembi a ku Malawi kuno amene a Popular Publications ankatulutsa ku Limbe, zinali ndi mayina awiri: la otulutsa ndi la Montfort Press imene inkadinda. Wotulutsa buku ndi amene amavomera zolembedwa, kulipira ndalama, kupangana ndi mlembi za malipiro ake, ndi kuyankha mlandu ngati bukulo lanyoza munthu. Wodinda ndi mwini makina, amene amayankha ngati inki yafufuma kapena masamba asokonekera. Lamulo la dziko lino la Printed Publications Act, la mu 1947, limafuna kuti buku lodindidwa kuno lionetse dzina ndi malo a onse awiri, ndiponso kuti limodzi liperekedwe ku National Archives ku Zomba. Lamulo likusiyanitsa anthu awiri amene Chichewa chathu cha m'mabuku chimawatcha dzina limodzi.

Zotsatira zake zimagwera alembi. Munthu amene walemba mbiri ya mudzi wake kapena gulu la ndakatulo amapita kwa mwini makina, kulipira, ndi kunyamula makatoni kupita nawo kwawo ali wokondwa kuti buku lake lasindikizidwa. Amazindikira mochedwa kuti palibe amene analikonza, palibe amene adzaligulitse, ndipo wotulutsa bukulo pamaso pa lamulo ndi iye mwini. Mwini makina sanamunamize, anasindikizadi.

Ziyankhulo za anansi athu zinalithetsa vutoli ndi zida zimene ifenso tili nazo. Chiswahili chimatcha wodinda mchapaji, ndipo wotulutsa buku mchapishaji, kusiyana kwake kuli pa kamphatikiza kochititsa basi. (Tsinde limenelo ife sitingalibwereke, poti kuchapa kwathu ndi kwa zovala.) Chishona chili ndi kudhinda pa ntchito ya makina ndi kutsikisa pa ntchito yotulutsa buku. Ife tili ndi kudinda, liwu limene aliyense amalidziwa kuchokera pa chidindo cha mfumu ndi pa kudinda chala, ndipo lili ndi mwana wake kudinditsa, amene amatchula bwino lomwe munthu wobweretsa ntchito. Tilinso ndi kufalitsa. Ena angatsutse kuti kufalitsa ndi kwa wailesi, kapena kuti wogulitsa mabuku nayenso amafalitsa. Zoona, koma kuseri kwa chikuto cha buku wailesi kulibe, ndipo malo amathandiza liwu kumveka. Tikanakonda kuona mizere iwiri, “Lofalitsidwa ndi” ndi “Lodindidwa ndi”, pa buku lililonse la Chichewa, kusindikiza kukhale liwu lotchula ntchito yonse pamodzi pamene kusiyanitsa sikukufunika. N'chifukwa chake m'pepala lino takhala tikunena kudinda.

Za zilembo zazikulu tingonena mwachidule. Kusukulu chilembo chachikulu ndi chija choyambira chiganizo ndi dzina la munthu. Koma gogo amene maso ayamba kufooka akapempha buku la nyimbo la zilembo zazikulu safuna zimenezo. Afuna zilembo wamba zokulitsidwa. Akampatsa nyimbo yonse m'zilembo zoyambira ziganizo amuwonjezera vuto, chifukwa zilembo zoterozo zimalingana msinkhu ndipo diso limasowa pogwira. Amisiri amayeza kukula kwa zilembo ndi mapointi, 72 pa inchi imodzi, ndipo m'mashopu amati saizi 12, saizi 14. Liwu loti msinkhu likanagwira ntchito yomweyo mokoma, koma saizi ikumveka, ndipo sitiona chifukwa choithamangitsira.

Lovuta kwenikweni ndi pepala lija mmisiri amapereka kwa mwini ntchito asanayatse makina, limene amisiri amalitcha pulufu. Pa mwambo wa ntchitoyi, munthu akaliwerenga n'kusaina ndiye kuti wavomera zonse zolembedwamo, ndipo cholakwika chimene chatsala chimakhala chake. Akafuna kudindanso alipiranso. Omasulira ambiri amati chitsanzo. Koma chitsanzo ndi chinthu chongoonerapo, monga kansalu kamene telala amakuonetsa, ndipo munthu wopatsidwa chitsanzo amayang'ana kukongola kwake, sawerenga chilembo ndi chilembo. Pano liwu lobwereka silimuuza kanthu munthu wa ku Thambani, pamene la Chichewa likumuuza zabodza. Dzina loyenera liyenera kutchula chimene munthuyo akuchita ndi dzanja lake, ndipo ife tikupereka lakuti pepala lovomerezera. N'lalitali, koma limatchulidwa kamodzi pa ntchito yonse, pa nthawi imene kufulumira sikufunika.

Kuti tione kulemera kwa pepala limeneli tikumbukire kuti m'Chichewa chilembo h chokha chimatembenuza nkhani. Chikwangwani cha chisankho chikati ponyani voti chikuitana anthu. Chikati phonyani voti chikuwabweza. Ng'oma ndi choimbira, koma kachizindikiro kam'mwamba kaja kakagwa patsala ngoma, gule wa Angoni. Dzina la Thambani lomwe ndi mboni: buku la akatswiri a miyala limene linatuluka mu 1961, lolembedwa ndi W. G. G. Cooper ndi K. Bloomfield, lili ndi mutu woti The Geology of the Tambani-Salambidwe Area, popanda h, ndipo kalembedwe kameneko kanapitirira m'zolemba zina za miyala ya kuderali. Wofufuza wa lero ayenera kufunafuna dera limodzi pansi pa mayina awiri.

Tanena kuti mawu a pakati pa amisiri okhaokha sasowa chithandizo chathu, ndipo tiyenera kupereka umboni. Aneni obwereka monga kupulinta, kufotokopa, kubayinda ndi kusikana analowa kale m'malamulo a chiyankhulo, ndipo amamvera ngakhale lamulo la kugwirizana kwa mavawelo limene eni ake sanaliphunzire m'kalasi:

(3) kupulinta, kupulintira, kupulintitsa
(4) kubayinda, kubayindira, kubayinditsa
(5) kufotokopa, kufotokopera, kufotokopetsa

Mu (3) ndi (4) vawelo yotsiriza ya tsinde ndi i, ndipo timphatikiza tikubwera ndi i, monga mu kuphika, kuphikira. Mu (5) vaweloyo ndi o, ndipo timphatikiza tikubwera ndi e, monga mu kugona, kugonera. Liwu limene likuchita zimenezi si mlendonso. Ndiponso kubwereka sikunayambe lero kapena ndi Chingerezi: kalata ndi liwu la Chipwitikizi, carta, lochokera kwa anthu omwewo amene chiyankhulo chawo chimamveka kutsidya kwa malire, ku Zobue ndi ku Tete. Palibe amene akufuna kulichotsa.

Kumasulira mawu a Chingerezi a ntchitoyi liwu ndi liwu ndiye koipitsitsa, chifukwa ambiri mwa iwo ndi mafupa a makina amene anafa. Mpata wa pakati pa mizere amautcha leading chifukwa kale ankalowetsa timizere ta mtovu pakati pa zilembo. Zilembo zoyambira ziganizo amazitcha upper case chifukwa zinkasungidwa m'bokosi lapamwamba. Mnyamata wa pa kompyuta ku Mwanza sanaonepo mtovuwo kapena bokosilo, ndipo sitingamuthandize pomupatsa mtovu wa Chichewa. Chithunzi chikafuna kufika m'mphepete mwenimweni mwa pepala, amachidinda chopitirira ndi mamilimita atatu kuti mpeni ukadula pasatsale kamzere koyera. Angerezi amati bleed, ndipo womasulira wosasamala angatilembere za kukha magazi. Mzere umodzi wa ndime wotsalira wokha pamwamba kapena pansi pa tsamba amautcha widow kapena orphan, ndipo kwa ife onse awiri ndi amasiye. Pamene pakufunikadi liwu la Chichewa tiyenera kuyang'ana chimene chikuchitika ndi kufunsa amisiri ena a kwathu. Atelala ndi oluka mphasa ali ndi kupinda, kusoka, kumata, kudula ndi kusiya mpata wodulira, ndipo buku lili ndi msana ndi chikuto popanda wina kutiphunzitsa.

Sitikunena kuti kupeka mawu kumalephera nthawi zonse. Mpumiro, mpatuliro ndi mfunsiro ndi mawu opekedwa, ndipo ana a sukulu amawatchula ngati anabadwa nawo. Anakhazikika chifukwa ndi aafupi, anapangidwa pa chikombole chimodzi chodziwika, ndipo anali ndi khomo lolowera, ndilo kalasi. Mndandanda wa mawu a makina wopekedwa mu ofesi ulibe khomo lotero. Khomo la mawu amene tikukambawa ndi pepala lolembapo pangano la ntchito: tsamba limodzi la Chichewa lofunsa nambala yomaliza, chiwerengero cha mabuku, kukula kwa pepala, kulemera kwake (pepala wamba la mu ofesi ndi la magalamu 80 pa sikweya mita), ngati adinde mbali imodzi kapena uku ndi uku, ngati inki ikhale yakuda yokha kapena ya mitundu, ndi malo osainira kuti munthu wavomereza. Pepala lotero litapezeka pa kauntala ya shopu iliyonse lingachite zimene mtanthauziramawu sangachite.

Apa tiyenera kudandaula pang'ono ndi mabungwe athu. Chichewa chinakwezedwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968. Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Centre for Language Studies inalowa m'malo mwake mu 1996, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja unatuluka mu 2000. Ntchito imeneyi ndi yaikulu ndipo sitikuichepetsa. Koma lamulo lililonse la kalembedwe limakathera m'manja mwa wodinda, ndipo lili ndi mtengo wake kumeneko. Pamene Malawi anasankha kulemba ch pomwe Zambia ndi Mozambique amalemba c, buku limodzi la chiyankhulo chimodzi linayamba kufuna kukonzedwa kawiri kuti ligulitsidwe ku Blantyre ndi ku Chipata. Chilembo ŵ, chimene chinkaoneka m'dzina la Malaŵi pa mabuku ambiri a zaka za m'ma 1970 ndi 1980, chinkafuna kuti mwini makina akhale nacho chosulidwa mwapadera pa mtundu ndi saizi iliyonse ya zilembo, ndipo olemba pa taipi ambiri ankachita kuwonjezera kadenga kake ndi cholembera. Lero chilembochi chili pa makompyuta, pa nambala U+0175 ya Unicode, makamaka chifukwa Chiwelishi cha ku Wales chimachigwiritsanso ntchito. Tinapulumukira pa msana wa ena.

Nkhani yodula mawu kumapeto kwa mzere ndiyo ikuonekabe m'nyuzi ndi m'timabuku ta masiku ano. Maphatikizo a Chichewa amathera pa vawelo, kotero timadula chi-sa-nkho, mpi-ngo, Tha-mba-ni. Kompyuta imene yauzidwa kuti ikulemba Chingerezi imadula chisan-kho ndi Tham-bani, ndipo popeza mawu athu ndi aatali, m'mizati yopapatiza ya nyuzi zimenezi zimachitika pafupipafupi. Mmisiri amene watopa nazo amangoletsa kudula konse, ndipo mizere imatsala ndi mipata ikuluikulu ngati mano ogweluka. Lamulo lake n'losavuta, mwana wa Sitandade 1 amaliimba pophunzira maphatikizo. Koma kuliika m'mapulogalamu okonzera masamba ndi ntchito imene ikudikira katswiri wa chiyankhulo, osati wodinda.

Tibwerere ku liwu loti kope, chifukwa lili ndi tanthauzo lina limene tinalisunga. Pepala lotuluka m'makina a fotokope ndi kope. Pepala lachiwiri la m'buku la malisiti, limene limalandira zolembedwa kudzera pa kaboni, nalonso ndi kope. Mu 2019 dziko lonse linaona kuti mawu otere angathe kunyamula boma. Mapepala ovotera a chisankho cha pa 21 May chaka chimenecho anadindidwa ku Dubai ndi kampani ya Al Ghurair, ndipo anafika m'malo onse oponyera voti, a ku Thambani omwe. Mlandu umene unatsatira unazungulira pa mapepala olembapo zotsatira: ena anafufutidwa ndi Tipp-Ex, ena anali achiwiri m'malo mwa oyamba, ena analibe saini. Mlanduwo unkaulutsidwa pa wailesi ndi kumasuliridwa m'Chichewa, ndipo anthu m'midzi ankautsatira tsiku ndi tsiku mpaka oweruza asanu anafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020. Womvera aliyense anayenera kusiyanitsa m'mutu mwake zinthu zitatu: pepala limene munthu analembapo ndi dzanja lake, lachiwiri lotuluka nthawi yomweyo pansi pa loyambalo, ndi lojambulidwa pambuyo pake ndi makina. Loyamba tingalitche pepala lenileni, lachiwiri pepala la kaboni, lachitatu fotokope. Pa mapepala atatuwa, lachitatu lokha ndi limene munthu angalipange ali yekha m'chipinda, patapita sabata, popanda mboni.